Azana Idzadikira, Achimwene

Nathenje,
Lilongwe.
Lolemba masana.

Okondedwa achimwene a Zubairi,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Joniko, inu pamodzi ndi anzanu amene mumakhala nawo. Kodi chifuwa chija munkadandaula chinatha? Tamva kuti kumeneko kwayamba kale kuzizira, ndiye musamadzionetse ukadaulo. Muzivala jekete ija amayi anakukakamizani kunyamula.

Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Amayi ndi amphamvu, mawondo okha ndiwo amawavuta m'mawa. Shopu ikuyenda, poti anthu ku Mitundu ayamba kugulitsa mtedza ndi soya. Imrani wanu wayamba kuthamanga, ndipo waphunzira kutsegula botolo la maswiti la pa kauntala. Mphuno ndi yanu, umbava wa maswitiwo ndi wanunso.

Mudabwa kuti Najma wamulowa n'chiyani kuti alembe kalata pamanja foni ali nayo. Dzulo ndinakuimbirani ndili ndi nkhani kukamwa, koma munamva nokha kuti ndinathera kufunsa mtengo wa nsapato. Nkhani ya pakati pa akazi anu, alamu a Umi, si nkhani imene mwana wamkazi amakamba ndi mlongo wake. Tinaleredwa choncho. Koma pepala lilibe manyazi. Ndikamaliza ndilijambula n'kukutumizirani pa foni.

Muwerenge muli nokha, ndipo muwerenge mpaka kumapeto. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mukudziwa kuti sukulu yathu ya unamwino ndi uzamba inatitumiza kuno ku chipatala chaching'ono cha mbali ya Nathenje kuti tiphunzire pogwira ntchito. Chigawo chimene tili pano ndi cha amayi amene pakati pawo pali ndi zovuta: othamanga magazi, oyembekezera mapasa, amene mwana wakhala molakwika, ndi amene anachitidwapo opaleshoni. Amene akutiphunzitsa ndi a Sisitala Ethel, mayi wamfupi, wa mawu otsika, amene sindinawamvepo akukuwa koma tonse timawaopa.

Odwala akachepa, a Sisitala amatulutsa chidole chawo chansalu chimene chili ndi kamwana m'mimba. Amakatembenuza kamwanako mobisa, n'kutiuza kuti titseke maso, tipapase, tinene kumene kuli mutu. Ukalakwa sakunyoza. Amangokuuza kuti mayiyo wamwalira, uyambirenso. Ine chidole chimenecho ndinachipha kambirimbiri mwezi woyamba, mpaka anzanga ankanditchula kuti adzukulu okumba manda. Tinkaseka, achimwene. Pa nthawiyo zinali zoseketsa.

Amatiuzanso kuti mayi woyembekezera tisamamukalipire, chifukwa wokalipiridwa amabisa. Amati tizifunsa ndi pakamwa, koma tiziyang'ananso ndi maso athu, tizigwira ndi manja athu. Ndipo tsiku lina anatiuza chinthu chimene sindinachimvetse bwino. Anati mayi amene akukuwa pobereka asatiopse. Woopsa ndi amene amakuwa kenako n'kungoti zii.

Lachiwiri lapitali ndinachimvetsa.

Dzuwa lili pamutu, panafika njinga yamoto itanyamula mayi wina dzina lake Felesiya, atagwiriziridwa kumbuyo ndi mayi ake omubereka. Anachokera kumidzi ya cha ku Diamphwe. Msinkhu wake ndi wa alamu a Umi, mwinanso wocheperapo. Matenda anali atamugwira moopsa. Ululu unkabwera wina pamwamba pa unzake osamupatsa mpata wopuma, mimba ili gwa ngati mwala, koma titamuyeza njira inali isanatseguke n'komwe.

A Sisitala anafunsa mofatsa ngati wamwa kalikonse kunyumba. Mayi ake anayankha msanga kuti palibe, phala lokha. Anafunsanso ngati mwana woyamba anabadwa bwinobwino. Mayi aja anayankhanso okha kuti inde. Felesiya ankangoluma nsonga ya chitenje.

Ndiye a Sisitala anandiuza kuti ndimasule chitenje chamkati chimene anachimanga zolimba m'munsi mwa mimba. Nditamasula tinaona chipsera cha opaleshoni. Anachibisa poopa kuti timutumiza ku chipatala chachikulu kuti akamung'ambenso. A Sisitala sanakalipe. Anangotuluka n'kukaimba foni yoitana ambulansi, ndipo pobwerera anatiuza kuti timuike diripi manja onse awiri.

Tikudikira choncho, Felesiya anakuwa kamodzi mfuu imene mpaka pano ndikuimva. Kenako anangoti zii. Anagona bwinobwino, nkhope inamasuka. Mayi ake anakweza manja kuthokoza Mulungu kuti mwana wawo wapeza mpumulo. Ine ndinayang'ana a Sisitala, ndipo nkhope yawo inandiuza zonse.

Anandigwira dzanja n'kuliika pamimba pake. Achimwene, ndinagwira kachigongono ka mwana pafupi penipeni, ngati kangofundidwa nsalu. Chiberekero chinali chitang'ambika pa chipsera chija, mwana atatulukira m'mimba. Anandipatsa kachitoliro komvera mtima wa mwana. Ndinaika khutu, ndinasuntha, ndinaikanso. Ndinkangomva mtima wanga womwe.

Mu ambulansi ndinakwera ndi ine. A Sisitala anandipatsa ntchito yofinya thumba la diripi ndi kumuitana Felesiya dzina lake osalekeza kuti asagone. Thupi lake linali lozizira, thukuta lili kamukamu, milomo itayera. Msewu wa kutauni umene ndimaudziwa bwino uja unatalika tsiku limenelo. Ndinamufunsa dzina la mwana wake woyamba, mtundu wa mbuzi zake, chilichonse chimene chinabwera m'mutu. Ankayankha ngati munthu ali pansi pa chitsime.

Tili m'njira, mayi ake anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo ka madzi obiriwira. Anandipatsa m'manja ngati kuti akandipatsa ndiye kuti zonse zibwerera mwakale. Anati ndi mwanamphepo, mankhwala aja ofulumizitsa matenda. Anati anamuthirira m'phala kuti achire msanga madokotala asanamuone, chifukwa kwa apongozi ake ankamunena kuti ndi mkazi wobereka ndi mpeni. Anati iwonso anabereka ana onse ndi mankhwala omwewo. Anabwereza kuti ankafuna kumuthandiza, ankangofuna kumuthandiza.

Ndinatsegula kabotoloko. Fungo lake ndi la mizu yonyowa, lowawa mpaka kukhosi.

Felesiya ali moyo, madokotala anamuthamangira. Koma mwana anapita, ndipo chiberekero anachichotsa. Sadzaberekanso. Mayi ake ndinawasiya atakhala pansi pakhonde la chipatala, miyendo atatambasula, akupepesa aliyense wodutsa. Pepani sapoletsa chilonda. Koma sindinathe kuwada, achimwene, chifukwa duku lawo analimanga ngati mmene amamangira amayi athu.

Titabwerera ndinakasanza kuseri kwa chipatala. Ndinawauza a Sisitala kuti ntchito iyi sindingaithe, ndine wamantha. Anandipatsa madzi, n'kundiuza kuti mzamba amene alibe mantha iwo samufuna m'chipinda chawo. Kenako anatulutsa chidole chija, n'kundiuza kuti ndiwafotokozere anzanga zimene manja anga anagwira. Tsiku limenelo palibe anaseka.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera.

Loweruka ndinapita kwathu ku Mitundu. Nditatsika minibasi ndinapeza amayi pa kauntala ali ndi makasitomala, foni ili m'manja, akuwaikira mawu anu kuti amve. Ndi uthenga uja munajambula mwezi watha, wonena kuti abwana anu akupatsani masiku ochepa a tchuthi pa Idi. Mukukumbuka zimene munanena? Munati Imrani anabadwa inu kulibe, azana, mawu oitanira ku pemphero aja, anamuchitira m'khutu ndi amalume a Sefu, tsitsi anamumeta inu kulibe, mbuzi inazingidwa inu kulibe, ndipo zimakuwawani mpaka lero. Munati ulendo uno mukufuna mudzapeze mwana ali m'manja, kuti mawu oyamba a dzina la Mulungu adzawamve kuchokera pakamwa pa bambo ake.

Ndi mawu okoma, achimwene. Ine nditawamva koyamba ndinagwetsa misozi. Amayi amawamvetsera m'mawa, masana, madzulo. Aliyense wogula mchere pa shopu yathu akudziwa kuti Zubairi akufuna adzapeze mwana m'manja.

Koma inu munayankhula ngati munthu wosowa kwawo, pomwe kuno anamva ngati lamulo. Masiku a alamu sakugwirizana ndi tchuthi chanu. Akuyembekezeka kuchira Idi itadutsa, inu mutabwerera kale.

Ndinawapeza alamu a Umi kuchipinda cha kuseri kwa shopu, akupakira shuga m'timapepala. Mapazi atupa pang'ono, koma akudya, akuseka. Ndinawapempha mwanthabwala kuti andibwereke mimba yawo ndiyeserere, poti chidole cha kusukulu ndachitopa nacho. Anaseka, anatseka chitseko, n'kugona pamkeka.

Ndinatseka maso monga anandiphunzitsira. Ndinafuna mutu wa mwana m'munsi, kumene uyenera kukhala pa miyezi imeneyi. Kunalibe. Ndinaupeza m'mbali, kumanzere. Mwana wanu wagona mopingasa. Ndipo m'munsimo zala zanga zinadutsa pa chipsera cha opaleshoni ya Imrani, amene sanakwanitse n'komwe zaka ziwiri.

Ndinadziuza kuti ndine wophunzira chabe, mwina ndalakwa ngati kale. Koma nditawafunsa, alamu anayang'ana kudenga n'kuvomera kuti anamwino a ku sikelo anawauza zomwezo. Anawauza kuti mwana mwina atembenuka, mwina ayi, koma mulimonse asadzayerekeze kuyambira matenda kunyumba. Anawauza kuti apite akakhale ku chidikiro, kufupi ndi madokotala, mpaka tsiku lawo. Iwo sanauze munthu aliyense. Anati akapita, shopu atsala nayo ndani, Imrani amusamala ndani, nanga inu mukafika adzakulandirani ndani.

Ndikuwadzutsa, phazi langa linagunda botolo pansi pa bedi. Linali botolo la mafuta ophikira, koma munali madzi obiriwira. Ndisanatsegule n'komwe ndinadziwa. Nditatsegula, ndinabwerera mu ambulansi muja.

Alamu anati amayi analitenga kwa mayi wina wa ku Malingunde. Anati sanayambe kumwa. Pangano ndi lakuti ayambe Lachisanu likudzali anthu akatuluka ku mapemphero a Juma, kuti mwana abadwe inu musanafike, ndipo tsiku lometa tsitsi ndi kutcha dzina lidzakupezeni muli pakhomo. Amayi anawerengera zonse bwinobwino, ndi mbuzi anagula kale, ili pachingwe kuseri.

Ndinawafunsa alamu ngati iwo akufuna kumwa. Anati akuopa botolo, akuopanso mpeni, koma chimene akuopa kwambiri n'chakuti mudzatsike basi n'kuwapeza akadali ndi mimba, mudzabwerere wokhumudwa kachiwiri chifukwa cha iwo. Anati amayi ena pamsika amawaseka kuti anabereka atagona tulo. Anati mwina ulendo uno akachira okha, anthu adzawaona ngati mkazi.

Mukudziwa kuti alamu kwawo n'kutali, ndipo mayi awo anamwalira. Pakhomo pathu paja alibe wowayankhulira. Amayi akati imwa, amwa.

Ndinatenga botolo lija n'kukalikhuthulira m'chimbudzi. Ndikuvomera kuti sindinachite mwaulemu, ndinadutsa nalo pamaso pa amayi. Kenako ndinagwada n'kuwafotokozera za Felesiya, zonse monga ndakuuzirani inu.

Amayi anandimvetsera mpaka kumapeto. Sanakuwe. Anati ndi zachisoni za mwana wa eni akeyo, koma ameneyo anamupyoletsa muyezo, pomwe iwo muyezo amaudziwa. Anati inu munabadwa ndi mankhwala omwewo, ine ndinabadwa ndi mankhwala omwewo, nanga tafa? Ndinayankha kuti iwo analibe chipsera, ndipo ife tinabwera ndi mutu. Apo m'pamene anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kundifunsa kuti ndinaberekapo ana angati.

Anati yunifolomu yanga ndi yoyera bwino, koma nkhani za kuchikuta sizikambidwa ndi mwana amene sanalowemo. Anati anamwino amaopseza anthu kuti azithamangira kumpeni. Za botolo anangoseka, n'kunena kuti ndataya madzi, mtengo wake ukadali ndi mizu. Ndipo pomaliza ananyamula foni, n'kundiimbira mawu anu aja. Anati mwini wake wanena, ine ndine yani.

Ndinalira ngati kamwana, achimwene, mkwiyo ndi mantha pamodzi. Kuchipatala amayi aakulu ngati amayi athu amanditchula kuti anamwino, amandimvera ndikawauza kuti atembenuke. Kwathu ndine Najma amene anakodzera pamkeka.

Ndinapita kwa amalume a Sefu. Anangomva mawu akuti mimba, n'kuyamba kufunafuna nsapato zawo. Anati izo ndi za amayi, iwo sangalowererepo, ndipo mwamuna wake alipo ngakhale ali kutali. Ndinapempha alamu kuti tithawe limodzi mpaka ku chidikiro. Anakana. Anati sangachoke pakhomo pa apongozi ngati wakuba, popanda mawu a mwamuna wawo.

Choncho dzulo ndinabwerera kuno manja ali m'khosi, poti lero ndimayenera kukhala pa ntchito. Njira yonse, kuyambira pa Mitundu mpaka pa mphambano ya ku Bunda, ndinkangoona ambulansi m'maso. Foni ikalira ndimaithamangira. Ndikuopa kuti mwina amayi, poona kuti ndasokoneza, sadikiranso Lachisanu.

M'mawa uno a Sisitala anaona kuti maganizo anga sali pa ntchito pomuyeza mayi wina. Ananditengera pambali, ndipo ndinawauza zonse. Ndinkaganiza kuti andiuza dzina la mankhwala kapena njira ina ya m'mabuku. Iwo anangondifunsa kuti pakhomo pathupo mawu amene amamveka ndi a ndani.

Ndinati ndi anu. Anati ndiye ndikutayiranji nthawi kukangana ndi mayi anga, amene akungochita zimene akuganiza kuti mwana wawo wapempha. Anati kusamalira mayi wa pakati povuta sikuyambira pa bedi la chipatala, chifukwa ambiri amafika pa bedipo zitatha kale. Analonjeza kuti aimbira mnzawo amene amagwira ntchito ku sikelo ya kwathu kuti akawaone alamu mawa. Koma anati namwino akhoza kulangiza, sangamukoke munthu pa dzanja. Kenako anang'amba mapepala awa m'kope lawo, n'kundiuza kuti ndisabwerere m'chipinda cha odwala ndisanamalize.

Ndiye ndili pano pa benchi ya kuseri, ndikulemba pa bondo. Mukhululuke zilembo zokhotakhota.

Achimwene, ndikanakhala wamkulu ndine, ndikanati iwe Zubairi, n'kukukokani khutu. Koma ndine wamng'ono, ndiye ndikugwada. Simunalakwe kufuna kumuchitira azana mwana wanu. Simunadziwe. Koma tsopano mwadziwa.

Ndikuuzeni mosabisa, monga anandiphunzitsira kuuza abale a wodwala. Mwana amene wagona mopingasa alibe njira yotulukira. Mankhwala aja akayamba kufinya chiberekero, chidzafinya mwana amene sangatsike, ndipo pamene padzagonje ndi pa chipsera paja. Zikatero, nthawi imakhala yochepa kwambiri. Felesiya anapulumuka chifukwa zinamuchitikira ali kale m'manja mwathu, diripi ili pamkono, ambulansi ili m'njira. Alamu zidzawachitikira kuchipinda cha kuseri kwa shopu, ndipo akadzangoti zii, amayi adzathokoza Mulungu kuti apeza mpumulo.

Sindikupempha ndalama. Musatumize kalikonse. Ndikupempha mawu anu okha, chifukwa mfundo imeneyi munamanga ndinu, ndipo womasula ndinu nomwe.

Musandiimbire ine. Jambulani uthenga wina, mutumize pa foni ya amayi, kuti akhale nawo woumvetsera ndi kuwaikira makasitomala awo. Musawakalipire, chonde. Wokalipiridwa amabisa. Muwathokoze chifukwa cha mbuzi ndi chifukwa chosamala banja lanu. Kenako muwauze momveka kuti inu, mwini wake, simukufuna kuti mkazi wanu amwe kanthu kalikonse kofulumizitsa mwana. Munene kuti mukufuna apite ku chidikiro sabata ino, ndipo madokotala akati opaleshoni, mwavomera. Mutchule mawu akuti botolo, kuti pasakhale wonena kuti sanamve bwino.

Mukatero muwaimbire alamu paokha. Muwauze kuti mukadzawapeza ali ndi mimba yawo ku chidikiro mudzakondwa. Muwauze kuti chipsera chija si chamanyazi, ndi khomo limene Imrani anatulukira wamoyo. Mawu amenewa ine ndawauza, koma akufuna awamve kwa inu.

Za shopu musadandaule. Amayi aitha, ndipo ine ndizipita Loweruka lililonse kukathandiza ndi kumutenga Imrani kukaona mayi ake. Mbuzi idya msipu, inenepa, sithawa.

Ndikudziwa chimene ndikukulandani. Mudzabwera ulendo wautali wa pa basi, mudzapemphera Idi, mudzabwerera musanamuone mwana wanu. Zidzakuwawani, ndipo ine zikundiwawa kale m'malo mwanu. Koma azana idzadikira. Tsiku limene adzabadwe, ngati Mulungu alola, ine ndidzapempha kuti ndikhalepo. Ndidzakuimbirani, ndidzaika foni pa khutu lake lamanja, ndipo mawu oyamba a dzina la Mulungu adzawamva kuchokera kwa inu. Amalume a Sefu ndidzawatsekera panja.

Khutu la mwana wamoyo limamva ngakhale pa foni, achimwene. Chimene sindikufuna n'chakuti mudzatsike basi pa Mitundu, chikwama chodzaza timalaya ta khanda chili m'manja, n'kufikira kunyamula jeneza la maliro.

Ndikuopa. Ndaphunzira kuika diripi, ndaphunzira kupeza mutu wa mwana maso ali chitsekere, koma sindinaphunzire kuti ndidzamuuza chiyani Imrani akadzafunsa kumene kuli mayi ake.

Ndilekere pomwepa, odwala akudikira. Mundiperekere moni kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko, makamaka a Mwanjuma ndi akazi awo. Mulungu akusungeni pa ntchito yanu, akuyendetseni bwino pobwera, ndipo atisungire alamu a Umi ndi amene ali m'mimbayo.

Lachisanu si kutali, ndiye musagone nayo kalatayi. Musavutike kundiyankha. Ndidzadziwa ndekha kuti mwachita, chifukwa amayi adzandiimbira nthawi yomweyo kundikalipira kuti ndine mwana wopanda mwambo, woulula za kuchikuta kwa mlongo wake. Foni ndaiika m'thumba la yunifolomu, pafupi ndi mtima. Chibadwire sindinalakelakepo kukalipiridwa ndi amayi ngati lero.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Najma